Kumene Kunalowera Boroni

Safulawa amadulidwa m'mamawa, mame asanakamuke, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene minga yake imakhalako ndi ulemu. Dzuwa likangokwera pang'ono, mbewu imeneyi imauma gwa n'kuyamba kubaya aliyense, osayang'ana kuti uyu ndi bwana, uyu ndi wantchito. A Zikhomo ankazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake sikisi koloko inkawapeza ali kale m'munda, chikwakwa chili m'manja, msana ukulira ngati chitseko chakale.

Dzina la Zikhomo silinali la makolo ayi. Analitola pa siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi pomwepo, pamene anali atagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ntchito yawo inali kuyeza munda, kukhoma zikhomo, kulembapo manambala, ndi kuonetsetsa kuti zolembedwa pa chikhomo ndi zimenedi zili m'nthaka. Ophunzira ankabwera ndi mapepala awo n'kupita ndi madigiri awo, iwo n'kutsala ndi nyundo. Pa zaka zonsezo panalibe chikhomo chawo chimene chinanamapo, moti mabwana akafuna kudzudzula antchito atsopano ankangoti, "Kaoneni mmene amachitira a Zikhomo." Tsopano kunatsala miyezi inayi kuti apume pa ntchito, ndipo anali atatopa kutopa kuja kosachoka ndi tulo.

Pambali pawo pankadula mayi wina wa zaka pafupifupi makumi anayi, mphunzitsi wa pa koleji ya zaulimi, mwini wake wa kafukufukuyo. Pa siteshoni onse ankamutcha Dokotala, ngakhale udokotala wakewo unali udakali m'munda momwemo, ukumubaya manja. Poyamba dzinalo ankalikana, kenako anangolitopera. Koleji inamupatsa zaka zitatu zoti amalize maphunziro. Chaka choyamba mbalame zinamuthandiza kukolola, osamusiyira njere n'imodzi yomwe. Chaka chachiwiri zinayenda. Koma aphunzitsi ake aakulu ankafuna zaka ziwiri zonena chimodzi, choncho chaka chachitatuchi chinali chomaliza. Chikakanika, akanabwerera m'kalasi ndi choko basi, ana ake awiri atakhala zaka zitatu kwa mchemwali wake pachabe.

Funso la Dokotala linali losavuta kulinena. Safulawa ndi mbale wake wa mpendadzuwa, wamfupi, waminga, wamaluwa ofiirira, ndipo njere zake amayenga mafuta ophikira. Iye ankafuna kudziwa ngati kuthira salifa ndi boroni m'nthaka kumachulukitsa njere ndi mafuta. Salifa analibe nkhani, anali ufa wotuwa basi. Wamatama anali boroni. Ndime yonse inkangofuna kasupuni kakang'ono. Akachepa, maluwa amabereka makoko opanda kanthu m'kati. Akachuluka pang'ono chabe, masamba amapsa m'mphepete. Kuti zimwazike bwino, zonse ankazisakaniza ndi mchenga m'mapaketi ofanana, ndipo ngakhale ndime zosalandira kanthu zinali ndi mapaketi awo a mchenga wokhawokha.

Munda anaugawa ndime khumi ndi ziwiri, mizere itatu ya ndime zinayizinayi, yotsetsereka pang'ono kulowera kumunsi. Mu mzere uliwonse ndime imodzi inalandira salifa yekha, ina boroni yekha, ina zonse ziwiri, ina osalandira kanthu. Kuti pasakhale kukondera anachita maere, Dokotala akutola timapepala m'chipewa cha a Zikhomo. Ndime iliyonse inali ndi kakhoma ka dothi koizungulira, ndiponso khomo lakelake lolowera madzi kuchokera mu ngalande. Lamulo linali limodzi: madzi a ndime ina asapite ku inzake, chifukwa salifa ndi boroni amasungunuka, ndipo kumene madzi apita nawonso amapita komweko. Lamulo limeneli ankaliphunzitsa anthu ndi a Zikhomo, ndipo chaka chimenechi analiphwanya ndi iwo omwe.

Zinayenda chonchi. Feteleza atangothiridwa, Dokotala anakwera basi kupita kuchipatala kumene mwana wake wamng'ono anagonekedwa ndi chifuwa. Sabata yomweyo pampu imodzi ya pa siteshoni inapsa, ndipo yotsalayo anayamba kugawana: munda wa safulawa unapatsidwa maola awiri, kawiri pa sabata. Anthu awiri amene ankathandiza a Zikhomo anawasamutsira ku munda wa bwana wamkulu wa siteshoni, poti mbewu za bwana zimamva ludzu msanga kuposa za mwana wasukulu. Kuthirira ndime imodziimodzi kunkafuna kutsekula khomo, kudikira, kutseka, kuwerama ndi kuweramuka, kakhumi ndi kawiri. Tsiku loyamba maola awiri anatha ali pa ndime yachisanu ndi chiwiri. Tsiku lachiwiri anayambira kumunsi, zakumtunda n'kuyamba kufota. Tsiku lachitatu anaima ndi khasu, dzanja lina lili pamsana, n'kuunguzaunguza kuti aone ngati pali wowaona. Anaboola kakhoma ka pakati pa ndime yoyamba ndi yachiwiri, kenako kotsatira, mpaka mizere yonse itatu. Madzi analowa kumtunda n'kumatsika okha. Ola limodzi lisanathe munda wonse unali utakhuta, iwo atakhala pamthunzi, ndipo kunena zoona msana wawo unawathokoza.

Anachita zimenezi kasanu ndi kamodzi. Pampu itakonzedwa anamata makoma onse bwinobwino n'kusalaza ndi kumbuyo kwa khasu, moti Dokotala pobwera anawayamikira kuti munda ukuoneka ngati wa m'buku. Foni a Zikhomo anali nayo masiku onsewo, ndipo inali yamoyo. Poyamba ankati sangavutitse munthu amene mwana wake ali pa bedi la chipatala. Kenako ankati mwina madzi sanatenge zambiri. Kenako anasiya kunena chilichonse, ngakhale mumtima mwawo.

"Bambo," anatero Dokotala m'mawa wokololawo, ataima pa ndime yakumunsi ya mzere wapakati, "nambala eyitiyi ikundizunguza mutu. Sitinathiremo kanthu, koma taonani mmene yakulira. Ndiye masamba ake anapsa m'mphepete ngati tinachulutsa boroni."

"Nthaka ili ndi zakezake, mayi," anayankha a Zikhomo, maso ali pa chikwakwa.

"Nanga nayini ija? Tinathira zonse ziwiri, koma yawonda ngati yamasiye."

"Tiyeni tione kaye sikelo. Maso amanama."

Dokotala anayamwa chala chimene chinali chitabayidwa n'kupitiriza kudula. Iwo anamuyang'ana cham'mbali, nsapato zake zamphira zong'ambika kuchidendene, kansalu kakumutu kodzaza tizinyalala, ndipo anamumvera chisoni. Koma chisoni n'chotsika mtengo, sichifuna kuti munthu atsekule pakamwa.

Masabata awiri otsatira anathera mu shedi yamalata kuseri kwa maofesi, momwe munkanunkha fumbi, makoswe ndi mafuta a thirakitala. Ndime iliyonse inali ndi lona lake. Ankayanika, kupuntha ndi ndodo, kupeta, kuthira m'kathumba kake, kuponyamo kapepala ka nambala, kumanga, n'kulembanso nambala yomweyo kunja. Asanayale lona lina, a Zikhomo ankasesa simenti yonse, kenako n'kugwada kutola njere imodziimodzi m'ming'alu kuti ya ndime ina isalowe m'thumba la inzake. Chiyambire ntchito anali asanasamalepo chonchi. Zinali zomvetsa chisoni kuona bambo wamkulu akukwawa ndi mawondo kuthamangitsa njere imodzi, pamene anali atalola mtsinje wathunthu kudutsa m'munda.

Dokotala ankayeza kathumba kalikonse pa sikelo, n'kuwerenga njere chikwi kuti aone kulemera kwake, n'kudula zina zana ndi lezala kuti aone zodzaza ndi zopanda kanthu. Zina anazitumiza ku labu kuti akayeze mafuta. Chaka chathacho manambala anali atafola bwino: ndime za salifa ndi boroni patsogolo, njere zolemera, mafuta ambiri, za feteleza mmodzi pakati, zopanda kanthu kumbuyo. Chaka chino anali balalabalala. Nambala eyiti, yosathira kanthu, inaposa zonse. Nambala nayini, yothira zonse ziwiri, inali ndi makoko ambiri kuposa njere. A Zikhomo akayang'ana pepalalo ankaona poyera chimene linkanena: zakumtunda zonse zinali zosauka, zakumunsi zonse zonona. Koma Dokotala anasanja manambala motsata feteleza, osati motsata kutsetsereka kwa munda, ndipo anali atatopa moti sakanaganiza zowatembenuza. Komanso ndani pa siteshoni yonseyo akanakayikira makoma omata a Zikhomo?

Tsiku limene pepala la ku labu linafika kunali kotentha, malata akuthetheka. Dokotala analiwerenga chiimire, n'kuliwerenganso atakhala pa kreti ya mabotolo yomwe inali mpando wake. Kenako anavula magalasi n'kuwaika pamwendo.

"Ndine, bambo," anatero.

"Mwatani, mayi?"

"Ndinasokoneza mapaketi. Mukukumbukira tsiku lija ndinkayeza feteleza pa tebulo ili? Ndi tsiku lomwe mchemwali wanga anaimba kuti mwana akubanika. Mapaketi thwelofu ali apa, onse ofanana, onse amchenga, foni ikungolira. Ndinkalemba manambala mutu uli kuchipatala. Boroni wa nayini ndinamupatsa eyiti, enawo kaya ndinawaponyera kuti. Palibenso china."

A Zikhomo ankalikumbukira bwino tsikulo. Anali ataima kumbuyo kwake akuona chala chilichonse, monga ankachitira ndi ophunzira onse, ndipo mayiyo sanalakwitse paketi n'imodzi yomwe, ngakhale misozi inkagwera pa tebulo. Mawu anakwera mpaka pakhosi. Atafika pamenepo anapeza zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zitatseka njira.

"Musadziweruze msanga, mayi," anatero. "Aliyense amalakwitsa."

"Inu simulakwitsa," anayankha Dokotala akumwetulira motopa. "Zikomo, bambo. Pa siteshoni pano ndinu nokha amene mumandimvetsa."

Iwo anatenga tsache n'kuyamba kusesa posesa kale.

Lamlungu masana anakhala pakhonde la nyumba yawo ya zipinda ziwiri, ya siteshoni, yomwe ankayenera kuituluka pakatha miyezi inayi. Akazi awo, amene ankasoka zovala pakhonde pomwepo ndi makina opalasa, anasiya diresi la munthu lili theka n'kutenga singano kuti azule minga m'manja mwa amuna awo. Ntchito imeneyi ankaigwira chaka chilichonse cha safulawa, ndipo chaka chilichonse ankaitukwana mbewuyo pamodzi ndi amene anaibweretsa.

"Mukuusiranji moyo?" anafunsa mayiwo. "Singano sinakukhudzeni n'komwe."

Bambowo anafotokoza zonse, za pampu, za makoma, za mapaketi. Anafotokoza akuyang'ana nkhuku za eni ake zimene zinkapalasa m'maluwa. Mayiwo sanadule mawu, koma singano inayamba kulowa mozama kuposa mmene minga inalili.

"Ndiye mayi uja akuti wolakwa ndi iye?"

"Akutero."

"Inu n'kuti chiyani?"

"Ndinati asadziweruze msanga."

"Ha! Munamupepesa bwino zedi. Mwamuponda phazi, n'kumamufunsa ngati nsapato ikumuthina."

"Mbewu zikanafa, mayi. Ndikanapanda kuboola, bwenzi pano tikunena zina."

"Ine za madzi sindikufunsani. Msana wanu ndimauthowa ndine, ndikuudziwa. Ndikunena za pakamwa panupa. Pakamwa panalinso pampu yakupsa?"

A Zikhomo anayang'ana chikhato chawo. Kenako anayankhula motsitsa, ngati akuopa kuti nkhukuzo zikanena.

"Miyezi inayi yokha, mayi. Bwana wayamba kale kukonza zodzanena tsiku lotsanzikana. Akuti atsopanowa atengere chitsanzo. Ine ndilibe galimoto, ndilibe digiri, nyumbayi si yanga. Chimene ndili nacho n'chakuti chikhomo changa sichinama. Ndikachitaya chimenechi ndituluka pa geti paja ndi chiyani?"

Mayiwo anapukuta singano pa chitenje, ndipo kwa kanthawi nkhope yawo inafewa, chifukwa ankawakonda amuna awo ndipo zimene ananenazo zinali zoona. Koma anali mayi wosadziwa kunyengerera nthawi yaitali.

"Akakuomberani m'manja tsiku limodzi," anatero. "Kenako mukhala ndi ine pakhonde tsiku lonse, chaka ndi chaka. Ndiye ndimakudziwani inu, mukasunga kanthu mumangousa moyo ngati ng'ombe m'khola. Ndilibe mphamvu zomvera zimenezo mpaka kumanda. Bweretsani dzanja linalo."

Koma mwamuna sasintha chifukwa choti mkazi wake wanena zoona; kawirikawiri amangokwiya. Lolemba a Zikhomo anapita kuntchito atamanga mtima kuti anena, n'kukumana ndi bwana pa geti, amene anawasisita paphewa pamaso pa anthu n'kuwatcha mzati wa siteshoni. Mzati unapita ku shedi n'kukanola zikwakwa. Lachiwiri Dokotala ankaoneka wotopa kwambiri, ndiye sikunali koyenera kumuwonjezera. Lachitatu ankaoneka bwinoko, ndiye sikunali koyenera kumusokoneza. Masiku ali ndi khalidwe limenelo, lililonse limabwera ndi chifukwa chake m'thumba.

Chimene chinkawadya kwambiri chinali chakuti Dokotala anasiya kukhulupirira manja ake. Mayi amene kale ankawerenga njere chikwi uku akucheza, tsopano ankafika pa mazana anayi n'kuzibwezera pamodzi kuti ayambirenso. Anayezanso timatumba tonse kachiwiri, kenako kachitatu, ndipo sikelo inkamuyankha zomwezomwezo. Akalemba nambala ankabwera nayo: "Bambo, tandionerani, ndalemba bwino apa?" Iwo ankaitenga, n'kuiyang'ana nambala yolondola bwinobwino, n'kugwedeza mutu ngati mphunzitsi wachifundo. Chakudya chamasana anasiya kuchimva kukoma. Pobwerera kunyumba ankazungulira njira ya kuseri kwa matanki a madzi kuti asadutse pamunda, pamene ziputu zinali zitatsala mbee ndipo makoma aja anali chiimire, osalala, okongola. Panapita masabata atatu.

Lachisanu lina m'mawa anamupeza Dokotala m'chipinda chosungira mbewu, kumapeto kwa shedi. Timatumba khumi ndi tiwiri tinali pa shelefu motsatana manambala, pansi pake pali mbale ya mankhwala a makoswe. Mayiyo anali atavala zapaulendo, chikwama chachikulu chili pakhomo, mabuku ake atawamanga ndi chingwe chomangira matumba. M'manja munali envulopu.

"Ndikukwera ya teni koloko," anatero. "Iyi ndi kalata ya aphunzitsi anga. Ndalemba mmene zinalili, kuti ndinasokoneza feteleza ndi manja anga, ndipo chaka chino n'chosawerengeka. Ndalembamonso kuti ntchito yanu inali yabwino, asakuvutitseni ndi mafunso."

"Mayi, kodi sangakupatseni mpata wina?"

"Munthu wolephera kulemba manambala thwelofu?" Anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Mukudziwa, bambo, Loweruka lapitali ndinapita kukaona ana. Wamng'ono uja amamwabe mankhwala ake a chifuwa, theka la supuni. Ndinatenga botolo, ndinatenga supuni, n'kuima. Dzanja linakana. Ndinaitana mchemwali wanga kuti adzamwetse iye. Mwana wanga yemwe, theka la supuni."

 A Zikhomo anagwira shelefu. Sikuti analimba mtima ayi, tisawanamizire. Kungoti anatopa kunyamula, ndipo katunduyo anagwa yekha.

"Mapaketi anali bwino, mayi."

"Bambo, musandisangalatse."

"Anali bwino. Ndinali kumbuyo kwanu, ndinaona. Simunalakwitse n'imodzi yomwe. Ndinaboola makoma ndine."

Ananena zonse, mofulumira, maso ali pa mbale ya makoswe. Pampu, maola awiri, anthu osamutsidwa, khasu, madzi otsika okha kuchoka ndime ina kulowa inzake atanyamula salifa ndi boroni yense kupita naye kumunsi. Za msana sanatchule, ndipo anachita bwino. Kunja thirakitala inkakana kulira.

Dokotala anakhala pansi pa chikwama chake pang'onopang'ono.

"Kangati?"

"Kasanu ndi kamodzi."

"Makoma ati?"

"Onse."

"Palibe ngakhale mzere umodzi umene munausiya? Umodzi wokha, bambo, ndikhale ndi poyambira?"

"Palibe, mayi."

"Indedi," anatero. "Inu simusiya ntchito pakati."

Anatambasula manja ake pamwendo n'kuwayang'ana, zipsera za minga zili tolotolo m'zala. Anawatembenuza, n'kuwatembenuzanso. Kenako analira, osati mokweza, kulira kwa munthu wamkulu amene akudziwa kuti basi ndi ya teni koloko. A Zikhomo anaima pomwepo, manyazi atawagwira mpaka m'mafupa, osadziwa kuti manja awo awaike pati.

"Mukanangondiimbira," anatero Dokotala atapukuta maso. "Tsiku lomwe lija la pampu. Mukuganiza ndikanati chiyani? Ndikanati boolani! Ndikanati boolani, mbewu zisafe, tipeze mbewu yodzala. Kunali kudakali nthawi. Tikanalima kuseri kwa matanki kuja n'kudzalanso pampu itakonzedwa, bwenzi pano tikukolola. Chaka sichinaphedwe ndi madzi, bambo."

Zimenezi a Zikhomo anali asanaziganizepo. Miyezi yonseyi ankadziuza kuti anasankha pakati pa kupha mbewu ndi kuphwanya lamulo, osaona kuti panali njira yachitatu, yotakasuka, imene inkangofuna chala chimodzi pa foni. 

"Ndipita kwa bwana lero lomwe," anatero. "Ndilemba ndi dzanja langa, ndisayina. Aphunzitsi anu akaona kuti simunalakwe ndinu, akupatsani chaka china. Ine ndibwera ngakhale nditapuma, ndidzakhoma zikhomo, ndidzathirira ndi ndowa ngati n'kofunika."

"Kwa bwana pitani, zimenezo n'zanu. Kalatayi ndikailembanso, poti ndi yabodza." Anaipinda n'kuiika m'thumba la jekete. "Koma chaka china ine ndilibe. Koleji mwina ingapereke, kaya. Wamng'ono uja akadzidzimuka kutulo amaitana mchemwali wanga, ine ndili pomwepo. Wamkulu akulemba mayeso chaka chamawa. Ndinabwereka zaka zitatu kwa ana, ndipo zatha."

Sanakalipe, ndipo a Zikhomo analakalaka akanakalipa. Mayiyo anaimirira n'kuyang'ana shelefu kwa kanthawi. Kenako anapita pakona, n'kutola thumba lalikulu lopanda kanthu, n'kulikutumula fumbi.

"Timatumbati tikungodya malo. Khuthulirani umu."

"Mayi, kusakaniza?"

"Zinasakanizika kale. Khuthulani."

Mayiyo anagwira kukamwa kwa thumba ndi manja awiri, n'kuima kudikira. A Zikhomo anatsitsa kathumba koyamba. Mfundo yake anali atamanga okha, yolimba, ndipo inawavuta kumasula. Njere zoyera zinakhuthuka waa, kapepala ka nambala n'kugwera momwemo. Anatsitsa kachiwiri. Podzafika pa kachisanu anali atasiya kuyang'ana manambala. Eyiti inali yolemera, nayini yopepuka, ndipo m'thumbamo zinakakhala pamodzi, osadziwikanso iyi ndi iti. Dokotala sanayang'ane kumbali ngakhale kamodzi. Anaonerera kathumba kalikonse mpaka njere yomaliza.

Atakhuthula kachikhumi ndi chiwiri, mayiyo anagwedeza thumbalo kuti njere zikhazikike, n'kusuzumiramo. Ntchito yonse ya chakacho inakwana mmenemo, ndipo thumbalo silinadzaze n'komwe.

"Ndimayesa zichuluka kuposa apa," anatero.

Anapereka kukamwa kwa thumba m'manja mwa a Zikhomo kuti lisagwe, n'kukoleka chikwama paphewa, n'kunyamula mabuku ake.

"Tsalani bwino, bambo. Mukawapatse moni amayi kunyumba."

Iwo anafuna kumunyamulira chikwama mpaka pa geti, monga ankachitira nthawi zonse, koma manja onse awiri anali atagwira thumba, ndipo mayiyo sanadikire.